Makalata a Ana a ku Kawale

Chaka cha referendamu ndinkaphunzitsa Sande sukulu ku Kawale, pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa tchalitchi. Pakati pa anawo panali mtsikana wina wa Sitandade 5, wosakonda kuyankhula. Bambo ake, kalaliki wa m'boma wochokera kumpoto, anatengedwa ndi apolisi iye akuyamba kumene sukulu, chifukwa cha mawu amene ananena kuntchito. Palibe anauzidwa kumene anawapititsa. Amayi ake ankagulitsa mandasi pamsika, osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi wamasiye.

Lamulungu lina, mkulu wina amene anali atangotuluka m'ndende anachitira umboni. Anati anthu akutsidya kwa nyanja, osamudziwa n'komwe, ankalembera boma kufunsa za iye, ndipo makalatawo atachuluka oyang'anira ndende anamubwezera bulangete lake limene anamulanda. Mtima wanga unatentha. Malemba amatiuza kuti tizikumbukira omangidwa ngati kuti tamangidwa nawo limodzi. Ndinapita kwa amayi aja kukapempha kuti ana alembe za amuna awo.

"Alembe, Aphunzitsi," anatero, akutembenuza mandasi m'mafuta. "Mwina ana awamvera. Ine nsapato zinandithera m'maofesi."

Ndinagawa mapepala ong'amba m'kope, n'kuwafotokozera anawo.

"Anaba chiyani?" anafunsa mnyamata wina wovuta wa ku Biwi.

"Sanabe."

"Ndiye anawamangiranji?"

"Anayankhula."

"Eee, ndiye amayi anga akanawamanga kalekale," anatero. Anzake anaseka, koma mtsikana uja anangoyang'ana pepala lake.

Tinkalembera mkulu wa ndende zonse za m'dziko muno. Ana onse anayamba monga anawaphunzitsira kusukulu: choyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu, kuno tili bwino. Ndinafuna kufufuta moniwo, koma ndinakumbukira kuti tinalamulidwa kupempherera otizunza, ndipo ndinausiya. Lamulungu lililonse tinkalemba, n'kupemphera titagwira makalatawo, Lolemba ine n'kukaponya ku positi. Ndinawaphunzitsanso za mtumwi uja amene mngelo anamutsegulira chitseko cha ndende mpingo ukumupempherera. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse.

Mvula inabwera, inapita. Andende ena anabwerera kwawo, owonda, ena opanda mano. Amayi aja ankasiya mandasi n'kupita kwa aliyense wa iwo ndi chithunzi cha amuna awo. Wina anati anawaonapo zaka zoyambirira, akutsokomola kwambiri. Kupitirira apo, palibe ankadziwa.

Tsiku lina amayi aja anabwera pansi pa mbawa paja atavala duku lakuda.

"Alekeni anawa," anati. "Asalembenso. Akulu a mpingo akuti sangakonze maliro popanda mtembo. Koma ine ndikufuna ndilire ngati anzanga. Abwere kunyumba adzangondiimbira."

Tinapita Loweruka masana. Panalibe bokosi, panalibe masamba pamsewu odziwitsa odutsa kuti pali zovuta. Amayiwo anakhala pamphasa atatambalala miyendo, ana anazungulira khonde, ndipo tinaimba nyimbo za maliro mpaka mawu anatisasa. Anansi awiri atatu anabwera n'kukhala pansi mwakachetechete. Ndinapemphera, koma sindinadziwe ngati ndimupereke munthuyo kwa Mulungu monga wamoyo kapena wakufa. Ndinangoti, Ambuye, Inu mukudziwa kumene ali.

Tikubalalika, mtsikana uja anandiperekeza mpaka pa mpopi.

"Aphunzitsi, nanga akayankha?"

"Ndidzabwera nayo kalatayo ndekha," ndinatero.

Ndinapitabe ku positi kukafunsa mpaka banjalo linasamukira kumpoto.