Tsiku limene Mayi Sikelo anadziyeza okha

Bwalo lathu la ndege ndi laling'ono: chipinda chimodzi chodikiriramo, mabenchi awiri, ndi kandege kotenga anthu ochepa kuposa minibasi. Ine ndimathira mafuta. Mayi Sikelo amayeza katundu, akatha amayezanso mwini katunduyo. Kaya wavala tayi, kaya kolala ya ubusa, amangoti, "Bambo, kwerani apa, mimbayo nayonso ikuuluka."

Kandegeko kamapita kubwalo lina kuseri kwa mapiri. Pamsewu ndi ulendo wa tsiku lathunthu, koma mumlengalenga mumafika musanamalize nkhani ndi mnzanu. Chovuta ndi mphepo. Ikamawomba kuchokera kutsogolo, ulendo umatalika, ndege imamwa mafuta ambiri, ndipo mafuta akachuluka katundu ayenera kuchepa. Anthu samva zimenezi, amangoti mayiwo ndi ouma mtima, ndipo ine zimandipsetsa mtima. Wamalonda wina anavala majekete atatu kuti chikwama chipepuke. Mayi anamukweza pasikelo n'kumufunsa, "Nanga majeketewo abwera pa basi?"

Zaka zonsezi iwo anali asanakwerepo ndege. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutsidya kwa mapiriko, ndipo atakhala ndi pakati Mayi anayamba kudzaza chikwama: matewera, bulangeti, kabafa, ndi mashawelo oluka okha. Ankati adzapita pa basi nthawi ikakwana.

Mmawa wina mkamwini wawo anaimba foni. Matenda anayamba msanga, mwana wawo ali kuchipatala, akungoitana amayi ake. Mvula inali itakokolola mlatho, basi sizimadutsa. Mundege munatsala mpando umodzi, koma mphepo inali itatitembenukira, moti ndinathira mafuta mpaka pakamwa.

Woyendetsa ndege anawauza kulemera kumene kwatsala. Mayi anakwera pasikelo atanyamula chikwama chawo, ndipo singano inapitirira malire.

Wamajekete uja analinso paulendo. "Mayi, sikeloyo ndi yanu," ananong'ona. "Ingotsinzinani, tonse sitinaone kanthu."

"Kumwambako kulibe chibale, bambo," anayankha.

Anatsegula chikwama pabenchi. Anatulutsa kabafa, singano osabwerera. Anatulutsa bulangeti ndi matewera, koma inali ikadali pamwamba. Mashawelo anawagwira kanthawi, n'kuwaika pambali osayang'ananso. Ineyo ndinamva chisoni mpaka ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndinkawaona akuluka mashawelowo nthawi yopuma. Pomaliza anasiya chikwama chonse, natenga kachipewa ka mwana n'kuika m'thumba la diresi. Singano inaima pamalo pake.

"Achimwene," anatero kwa ine, "zotsalazi mudzatumize mphepo ikaleka. Koma mudzaziyeze."

Anakwera ndege mutu uli m'mwamba, ngati munthu wozolowera.

Anafika nthawi yabwino, mwana wawo anabereka atagwira dzanja lawo. Atabwerera kuntchito tinawazinga pakhomo, ndipo ine ndinayamba ndi funso limene ndinkadziwa kuti alikonda.

"Achemwali, mdzukuluyo wabadwa wolemera bwanji?"

"Anamwino amafuna kundiuza, ndinawaletsa," anatero akupukuta fumbi pasikelo. "Ndinangomunyamula. Ameneyo yekha sindimuyeza."