Uthenga Wofiira pa Foni ya Atelala

Atelala akhala akusoka pakhonde la sitolo imodzimodziyo kwa zaka khumi ndi zisanu. Foni pabanja pawo ndi imodzi. Masiku ena imapita ndi amuna awo, amene amayendetsa basi. Masiku ena imatsala pamakina kuti makasitomala aziwonerapo masitayilo.

Mliri utabuka, anaikamo apu yochenjeza munthu akayandikana ndi wodwala. Tsiku lina kasitomala wina wapakamwa, amene msewu wonse umawatchula kuti Awailesi, akusankha sitayilo, foni inafiira kuti psuu: "MWAKUMANA NDI WODWALA." Wodwalayo anali atakwera basi ya amuna a Atelala, koma Awailesi sanafunse, anangouza msewu wonse. Pofika madzulo, makasitomala onse anali atatenga nsalu zawo.

Banja lonse linakayezetsa, osapezeka ndi kanthu, koma pakhonde panangoti zii. Atelala anasunga mkwiyo wawo ngati singano ya pakolala.

Patatha mwezi kunabwera bambo wamagalasi, mmodzi mwa opanga apuyo, kufunafuna anthu oti aiyese.

"Muzingodina, mayi, n'kumanena zimene mukuganiza. Ine ndizilemba," anauza Atelala. "Musadandaule. Tikachitira ku ofesi."

"Ku ofesi ayi, achimwene. Mubwere pano Loweruka, tidzayesere pa foni yanu."

Loweruka msewu unadzaza, ndipo Atelala anali ataitana Awailesi. Wamagalasi atangotumiza uthenga woyeserera ku foni yake, Atelala anaipereka kwa mayiwo.

"Tawonani sitayilo iyi, asisi."

"Mayo ine! Foni yafiira! Abambo awa ali nawo matenda!" anakuwa Awailesi.

Anthu anabalalika ngati nkhuku. Wogulitsa tiyi analanda Wamagalasi kapu ili pakamwa.

"N'zoyeserera!" anafuula Wamagalasi. "Ngakhale uthenga weniweni sutanthauza kuti munthu akudwala!"

"Kwezani mawu, achimwene, kugolosale uko sanamve," anatero Atelala uku akupalasa makina. "Muwauzenso kuti foni imodzi timagwira anthu anayi."

Wamagalasi anabwereza katatu pakati pa msewu, thukuta lili kamukamu, mpaka anthu anayamba kubwerera.

"Munati ndizinena zimene ndikuganiza," anatero Atelala. "Lembani kuti uthenga wa matenda usamakuwe pagulu. Uziyamba wafunsa amene wagwira foni."

Wamagalasi analemba.

Lolemba nsalu zinayamba kubwerera. Woyamba kufika anali Awailesi, akuseka mwamanyazi. Atelala anawayeza bwinobwino, m'chiuno ndi m'mapewa, n'kuika nsaluyo patebulo popanda ina.

"Mudzatenge mwezi wamawa, asisi. Ntchito yandichulukira."