Mayi Emma NyaGondwe, Amene Ankapempherera Kunja kwa Zenera

Akhristu a ku Wovwe, mwezi wathawu tinaika m'manda Mayi Emma NyaGondwe. Ambiri munawadziwa akukhala pa benchi ngati wina aliyense. Ochepa ndi amene mukudziwa ulendo umene anayenda kuti akafike pa benchipo.

Anabadwira ku Vinthukutu, m'banja la alimi a chinangwa. Ali mtsikana ankaimba kwaya, ndipo Misa sankaiphonya ngakhale mitsinje itadzaza. Anakwatiwa ndi a Manase m'zaka zimene sikimu ya mpunga inkatsegulidwa, nasamukira kuno.

Mimba yoyamba ndi imene inawatembenuzira moyo. Nthawi itakwana, mwana anakana kutuluka. Amayi achikulire anawazinga nati, "Ulula amuna amene unayenda nawo, mwanayu aone njira!" Emma analibe woti amutchule. Pamene ngolo inkafika nawo kuchipatala, mwana anali atamwalira kale, ndipo kuyambira pamenepo mkodzo unkangotuluka wokha, osaletseka.

A Manase anawamangira kanyumba kuseri, nakwatira wina. Kuchitsime anzawo ankatunga msangamsanga n'kuchoka. Ngakhale a Yufi, amene ankatolera amayi khomo ndi khomo kuti akavine kumisonkhano ya chipani, khomo lawo ankalidumpha. M'kupita kwa nthawi Emma anayamba kukhulupirira kuti pali tchimo lina limene iwo sakulidziwa, koma Chiuta akulidziwa.

Kupemphera sanasiye. Lamulungu ankasamba, kumangirira nsanza zochapa bwino, n'kukaima kunja kwa zenera la tchalitchi. Loweruka ankasesa bwalo, kulekezera pasitepe. Mpunga wa chopereka ankausiya pakhomo anthu asanafike. Katekisiti, a Zebedee, akawaitana kuti alowe, Emma ankayankha kuti, "Adada, nyumba ya Chiuta ndi yoyera. Ndilowemo ndi fungo ili?" Ana amene anabatizidwa iwo ali pazenerapo anakula, ena mpaka kumanga mabanja, iwo adakali pomwepo.

Kenaka kunabwera namwino wochokera ku Dedza, Mayi Prisca. Anawayendetsera zoti akachitidwe opaleshoni kuchipatala chachikulu. Emma anapita ndi chiyembekezo, koma anabwerako monga anapitira. Apa ndiye anati Chiuta wayankha, ndipo wakana. Anasiya ngakhale kupita pazenera paja.

Mayi Prisca anawalondola kukanyumba kaja, nakhala pamphasa yawo yomwe.

"Musakhale apo, panyowa," anatero Emma.

"Ndakhala kale. Amama, ine ndabereketsa amayi ambiri. Mwana wanu anakanirira panjira, basi. Si tchimo."

"Nanga bwanji sindinachire?"

"Sindikudziwa. Koma pazenera paja mumamva zimene timanena tisanalandire Ukalistia? Tonse timavomera kuti ndife osayenera. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikatero timanyamuka kupita kutsogolo. Inu mumathera pomwepo."

Panapita masabata. Lamulungu lina Emma anakwera sitepe ija, nalowa m'tchalitchi. Ena anasendera kutali, wina anaphimba mphuno ndi chitenje. Misa isanafike pakati, benchi inali itanyowa. Anafuna kuthawa, koma Mayi Prisca anawagwira dzanja osalitaya. Nthawi ya Ukalistia itakwana, anayenda pakati pa mpingo wonse, mutu uli pansi, nalandira. Pobwerera ankalira osabisa nkhope.

Matendawo sanachoke, ndipo manyazi ankabwerabe masiku ena. Koma panja sanaimenso. Akamva kuti kumudzi wina kuli mtsikana wobisidwa kuseri chifukwa cha vuto lomweli, ankapita wapansi atanyamula sopo ndi nsalu, n'kukhala naye pamphasa imodzi. Ankamuuza kuti, "Mwana wanga, mayi sathawa khanda lake chifukwa lanyowa. Chiuta angaposedwe ndi mayi?"

Anamwalira mwakachetechete m'nyengo yokolola mpunga, atalandira masakramenti. Amene anasambitsa thupi lawo ndi amayi anayi amene iwo anawatulutsa kuseri. Lamulungu mukawaona amayi amenewa m'tchalitchi, senderani pafupi.