Timapepala ta Bambo Lamson

Bambo Lamson Chomba ankayendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku Welshpool, koma ife a ku Balga, kuno kudziko la azungu, tinkawadziwa ndi timapepala. Loweruka lililonse ankazungulira misewu yathu ndi chikwama, kugawa uthenga woti Aroma ndiwo chilombo cha m'Chivumbulutso. Ine Dinnah ndine Mkatolika wa kolona m'khosi, ndiye tinali mphaka ndi khoswe, ngakhale pamaliro tinkakhala pa benchi limodzi.

Timapepalato ankatitenga kwa mbusa wina wachizungu wokalamba. Akuti bambo a mbusayo ankasindikizanso zomwezo kalekale, Akatolika akubwera kuno pa sitima kuchokera ku Ulaya. Chithunzi cha patimapepalato sichinkasintha: wansembe wa zala zazitali ngati za nkhuku, akutsika m'sitima, atagwira mwana pakhosi. Ndikachiona, thupi linkachita tsemwe.

Anthu a kuno amangoponya pepala m'bokosi la makalata n'kumapita. A Lamson ayi, analeredwa. Ankagogoda, kuodira ngakhale mzungu, kutchula dzina lawo ndi nyumba yawo, n'kupereka ndi manja awiri. Ankati kusiya chinthu pakhomo pa munthu osalonjera ndi ufiti.

Mbusayo anasiya kuoneka. Mitolo a Lamson ankangoipeza pakhomo pa kachipinda kake ku Welshpool komweko, timapepala titapindidwa kale. Loweruka lina anagawa mtolo wonse osatambasula ngakhale kamodzi, poti uthenga ankaudziwa pamtima. Panyumba yomaliza, nkhalamba ina yachizungu inatambasula kake iwo ali pomwepo, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Good on you, mate," inatero mowayamikira. "At least you know."

A Lamson anasuzumira pakapepalako. Sitima inali yomweyo, zala zomwezo, mwana yemweyo. Koma chipewa cha wansembe chinali chitachotsedwa, nkhope itadetsedwa bii, ndipo paliponse pamene pankalembedwa za Aroma panali za anthu ochokera ku Africa.

Masana omwewo anathamangira kukachipinda kuja. Mlonda anawauza kuti mbusayo anamwalira chaka chatha, ndipo m'katimo mulibe ngakhale mpando. Pakhomo panali mtolo wina watsopano, dzina lawo litalembedwa pamwamba.

Lamulungu ndikuchokera ku Misa, ndinawapeza a Lamson pageti panga. "Mayi, ndiperekezeni tikatolere timapepala tija. Mawa Tisungeni adutsa msewu umenewu popita ku sukulu. Mwana wanga asazione."

Lilime linandiyabwa kuti ndinene kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma ndinawamvera chisoni. Ndinavula nsapato zakutchalitchi n'kuvala zoyendera.

Msewu unali zii, dzuwa lili phwee. Mabanja a ku Sudan ndi a ku Zambia anabweza timapepalato. Nyumba zina makatani ankagwedezeka, koma odi wathu sanayankhidwe. Ine mantha anandigwira, sindibisa.

Tinafika kwa nkhalamba ija. Pepala linali litamatidwa pawindo, loyang'ana kumsewu. Kutsogolo kwa windolo kunali Tisungeni pa njinga yake, phazi limodzi pansi. Anali atatuluka kudzafuna bambo ake kuti akadye.

"Dad, who put that there?"

Chitseko chinatseguka pang'ono. Nkhalamba ija inamwetulira mwanayo mwaulemu, n'kuloza a Lamson.