Ndinachita manyazi ndi penshoni ya mkazi

Inu owerenga, ine manyazi andisiya panja. Ndine mmisiri womanga nyumba, koma lero ndikugona m'kachipinda kosungiramo makasu kwa mchemwali wanga ku Kadewere. Cholakwa ndi changa, ndipo ndichinena mosabisa.

Ndinakwatira mphunzitsi wa ku Ndunde, mayi a Tadala, n'kukakhala kwawo pachikamwini. Ndinatha zaka makumi awiri ndi zitatu kumeneko. Nyumba ya zipinda zinayi ndinaimanga ndi manja angawa, njerwa kuumba ndekha, kuotcha ndekha. Banja litatha tinapita kukhoti. Woweruza anaona kuti nyumbayo ili pamalo a mbumba yawo, singagulitsidwe kapena kugawidwa. Choncho analamula kuti ikhale ya mayiwo, ine ndidzalandire theka la ndalama zimene adzapatsidwe popuma pantchito. Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti apume.

Kalaliki wa pakhotipo anandiuza momveka bwino kuti nditenge chikalata cha chigamulo ndikachipereke kumene kumasungidwa penshoniyo, kuti gawo langa lidzapatulidwe ndalama zisanatuluke. Ndinavomera ndi mutu. Koma pofika pa Njuli, anzanga a pabawo anali atamva kale. Anandiseka kuti bambo wamkulu ngati ine ndikudikira kudya ndalama ya choko ya mkazi. Atsibweni anga, omwe anali ankhoswe a banjalo, nawo anati kuyenda ndi mapepala m'maofesi n'kuyalutsa mayi wa ana ako, za kukhoti zatha, zotsalazo tidzakambirana pachibale. Ndinapinda chikalatacho n'kuchiika pansi pa zovala m'sutikesi.

Ndi tindalama ta maganyu ndinayamba kanyumba kanga pamalo amene mchemwali wanga anandipatsa. Ndinamanga ndi zidina ndi matope mpaka pamwamba pa mawindo. Malata, matabwa ndi zitseko zinkadikira theka lija.

Zoti mayi a Tadala anapuma n'kulandira ndalama ndinazimva patapita miyezi inayi, kwa wakabaza. Atsibweni atapitako anawaphera nkhuku, ndipo anabwerako ndi mawu akuti tidikire pang'ono. Nditapita ndekha, mayiwo sanandipatse ndi mpando womwe.

"Bambo a Tadala, ndalama zija zinatha. Inu munangoti zii, ine ndimayesa munasiyira ana."

Ana ake ati? Tadala ali pabanja, mng'ono wake amadzidalira. Ndalamazo zinagula njinga zamoto zitatu ndi chigayo, zonse m'dzina la achimwene awo.

Ndinabwerera kukhoti ndi chikalata changa chonunkha sutikesi. Woweruza anawadzudzula ndithu mayi a Tadala, n'kutumiza anthu olanda katundu. Koma alande chiyani? Za m'dzina la mayiwo anapeza mipando ndi wailesi basi. Mapeto ake analamula kuti azindipatsa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Anapereka kawiri n'kusiya. Ndikapita kukadandaula, tsiku la mlandu limasinthidwa poti mayiwo atumiza uthenga kuti akudwala, ndipo ndalama yoyendera imaposa imene ndikulondolayo. Zimandiwawa, ndipo ndatopa. Anzanga a pabawo aja tsopano akundiseka kuti ndinagona. Atsibweni akuti iwo sankadziwa kuti munthu wa mpingo angachite zotere.

Abale anga, chigamulo sichiyenda chokha. Mukachilandira, tsiku lomwelo kachiperekeni kumene kuli ndalamazo, akusainireni, chikalata china musunge nokha. Ankhoswe alemekezeni, koma alibe mphamvu pa ndalama zimene zalowa kale kubanki kwa munthu. Ndipo amuna anzanga, zimene khoti lakupatsani si zopempha ayi. Okusekaniwo sadzakugulirani ngakhale lata limodzi.

Kanyumba kanga kanapirira dzinja limodzi kopanda denga. Mvula ya sabata yatha yagwetsa makoma awiri, ndipo mwamuna wa mchemwali wanga wafunsa kale ngati angadzalepo mbatata.