Pepala la Pansi pa Tambula

Laibulale ya chipatala chathu cha kumapiri kuno ili kuseri, pakati pa chipinda chochapira ndi mosungira mabedi othyoka. Imvi zoyamba za Tulasa Gharti zamerera mmenemo. Ntchito yake ndi kusakasaka pa intaneti zatsopano zimene ofufuza za matenda apeza, kusankha zokhudza odwala akuno, kusindikiza, n'kufikitsa kwa madokotala ndi anamwino. Kunena n'kosavuta. Koma kwathu kuno wamng'ono sauza wamkulu kuti zimene anaphunzira zinapita ndi nthawi, ndipo Dokotala Regmi, mkulu wa mawodi onse, anayamba kuchiza anthu Tulasa akadali kumsana.

Choncho anapeza njira yakeyake. M'mawa uliwonse, tiyi wamkaka akamapita ku ofesi ya adokotala, ankaika pepala limodzi pansi pa tambula, osatchulapo kanthu. Madzulo ankalipeza lili pomwepo, litadindidwa mkombero wa tiyi. Zikomo sanamumvepo. Anamwino ankamuseka kuti analembedwa ntchito yoyalira tambula mphasa, iye n'kumaseka nawo, koma zinkamuwawa zedi.

Chaka chino, kuzizira kutafika povuta, mayi ake, a Phulmaya, anabwera nawo pamachira kuchokera kumudzi. Moyo wawo wonse anaphikira nkhuni m'nyumba yopanda potulukira utsi, ndipo mapapo anali atatopa. Anawagoneka m'wodi n'kuwaika pa okisijeni. Owadikirira anali achimwene ake aakulu a Tulasa, a Dal Bahadur, msilikali wopuma, amene chimwalirire bambo awo mawu awo anali lamulo pabanja.

Masana ena Tulasa anabweretsa mpunga ndi mphodza, napeza mayi ake ali m'tulo. Atawagwedeza anangotsegula diso limodzi n'kutsekanso. A Dal Bahadur anamukalipira kuti asawavute, kugona ndiko kuchira. Koma maso a Tulasa anali pa botolo la okisijeni. Kampira kosonyeza kuchuluka kwa mpweya kanali kakuvina pamwamba penipeni. Anakumbukira pepala limene analiika pansi pa tambula miyezi yapitayo: odwala mapapo a mtundu umenewu, okisijeni akachuluka amayamba kusinza, mpweya woipa n'kumaunjikana m'magazi, ena osadzukanso.

Namwino anali yekha pawodi, ali kalikiliki ndi mayi wina amene ankasanza magazi. Kugwira botolo sikunali kwa munthu wa mabuku. Nanga ngati analamula zimenezo ndi a Regmi eni ake? Tulasa anathamangira ku ofesi yawo, koma pakhomo anaima kaye. Zaka zonsezi anali asanalankhulepo nawo mawu oposa moni, ndiye lero akawauze kuti alakwitsa? Komabe anagogoda.

"Adokotala, mundikhululukire, ine ndine wa mabuku chabe. Koma amayi sakudzuka, ndipo okisijeni ali pamwamba."

Mkuluyo anaika cholembera pansi. "Pamwamba? Wakweza ndani? Ndinamutsitsa ndekha m'mawa."

Anatuluka ndi liwiro limene Tulasa sankadziwa kuti mawondo okalambawo ali nalo. M'khonde, osacheuka n'komwe, anang'ung'udza kuti, "Pepala lako lija tiyi anadetsa penipeni pa manambala, ndinavutika nalo kuwerenga. Uziwatembenuza mapepalawo, mwanawe." Tulasa anangotsala pang'ono kupunthwa. Kodi nthawi yonseyi ankawerenga?

Kuwodi a Regmi anatsitsa kampira kaja, naitana namwino kuti ayeze wodwalayo pafupipafupi. A Dal Bahadur sanabise. Anavomera mtima uli m'malo kuti anakweza ndi iwo, chifukwa mayi awo sangamapatsidwe mpweya moumira ngati wopemphetsa. Adokotala anawafotokozera mofatsa kuti pa matenda awa wochuluka ndiye amapha, ndipo msilikaliyo anagwedeza mutu mwaulemu, kugwedeza kwa munthu amene sanamve chilichonse. Kenako a Regmi anaitanidwa kwa mayi wosanza magazi uja.

Sipanatenge nthawi, a Phulmaya anayamba kupuma mokoka, chifuwa chikulira. A Dal Bahadur anasuzumira kukhomo, natambasula dzanja kulinga ku botolo. Sikuti anali munthu woipa. Anali mwana amene akuona mayi ake akubanika, mpweya uli pomwepo. Tulasa ankawaopa kuposa adokotala onse pamodzi. Chibadwire anali asanawayankhepo, ngakhale tsiku limene anamusankhira mwamuna.

"Achimwene, chotsani dzanja."

Odikirira odwala pa mabedi ena anasiya kutafuna.

"Iwe Tulasa, ukulankhula ndi ine? Timapepala tako tija takuzunguza mutu eti? Sukuwamva amayi akuvutika?"

"Ndikuwamva. Ndi amayi anganso." Analowa pakati pa iwo ndi botolo, naphimba kotsegulira ndi chikhato chake. "Mundimenye pompano ngati mukufuna, koma apa simugwira."

"Akafa, udzawauza ndiwe akumudzi."

"Ndidzawauza."

Ananena molimba, koma m'kati anali ndi mantha osaneneka, pakuti pepala limanena za odwala ambirimbiri, silitchula dzina la mayi ako. Anaima choncho, maso pachifuwa chokwera ndi kutsika chija, namwino akubwera kudzayeza n'kupita. Mpunga unazizira. Dzuwa linachoka pawindo. Dzanja linachita dzanzi, koma sanalisunthe, ndipo a Dal Bahadur sanakhale pansi.

Chakumadzulo a Phulmaya anatsegula maso onse awiri. Anayang'ana mwana uyu, nayang'ana uyo, kenako anafunsa ndi mawu osasa kuti kodi m'chipatala chonsechi mulibe munthu woti n'kuwapatsa tiyi.

Tulasa sanasunthe pabotolo paja. Amene anatuluka anali a Dal Bahadur. Anabwera ndi matambula awiri, imodzi ya mayi awo. Inayo anaipereka kwa mlongo wawo ndi manja awiri, maso ali kumbali, ndipo anadikira mpaka atachotsa dzanja pabotolo n'kulandira.