Kutchera Moto wa Galimoto ya Apongozi

Amakaniko a mumsewu wa magalaja ankawatchula kuti a Makutu, ndipo dzinalo lidali laulemu. Ntchito adaiphunzira ali mnyamata kwa malume awo, munthu wouma mtima amene sankalola wophunzira kugwira sipanala asanathe kunena, maso ali chitsinzire, kuti pulagi yakufa ndi iti. Atakula adatsegula galaja yawoyawo kumapeto kwa msewuwo. Chidali chipinda chimodzi chamalata, chokhala ndi dzenje pakati ndi tebulo lachitsulo limene mafuta adalidetsa mpaka kung'anima. Magalimoto amakono sankawagwira. Awo adali akale, a kabuleta yosakaniza petulo ndi mpweya, ndi mapointi oyatsira moto, amene eni ake amawasamala ngati mwana wobadwa paukalamba.

Chimene chidawatchukitsa ndi kutchera moto, kutanthauza kusankha nthawi imene pulagi iyenera kuyatsa petulo m'injini. Ankamasula bauti ya distiribiyuta, chida chogawira mapulagi moto, n'kuipotoza kuti moto ufulumire, kenako n'kukwera chitunda ndi giya yolemera. Moto ukafulumira mopitirira, injini imatulutsa kaphokoso kopyapyala, ngati timisomali togwedezedwa m'chitini. Akangokamva ankaima, n'kubweza distiribiyutayo pang'ono, ndipo pamenepo ndi pomwe ankamanga. Kaphokosoko n'kakang'ono, koma kamadya pisitoni, chitsulo chimene moto umakankha m'kati mwa injini. Kakalekereredwa pachitunda chachitali kamaiboola.

Khutu lawo lakumanzere lidafa mosadziwika, monga amafera batire wa galimoto yoimikidwa. Lakumanja lidatsala lomva mawu okhuthala okha: chitseko chikamenyetsedwa, kapena munthu akalankhula pafupi mbali yomweyo. Kulira kwa mbalame kudatha, ndipo kaphokoso kaja kadatha nako. Adadziwa ndi akazi awo okha, amene adazindikira tsiku limene ketulo idalira mpaka madzi kuphwa, bambo ali chikhalire pambali pake.

Kuyambira pamenepo mayiwo ankakwera nawo pokayesa galimoto iliyonse. Ankakhala pampando wakutsogolo, chikwama pamiyendo, maso kunja ngati akuona malo, ndipo akamva kaphokosoko ankatsina bondo la amuna awo. Msewu wonse unkaseka. Wowotcherera zitsulo wa galaja yoyandikana nayo ankati mayi amaopa kuti bambo anyamula wina panjira, ndipo mayiwo ankayankha kuti wonyamulidwa ndi munthu wonunkha dizilo chotere ayenera kukhala wodwala chimfine. Zaka zidapita motero, mbiri ya a Makutu ikukulirakulira.

Tsono mayi aja adaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Adagonekedwa kuchipatala cha kunja kwa tauni, pamwamba pa chitunda chachitali. A Makutu adayamba kubweza ntchito zonse zotchera moto, akumati mutu wawo uli kuchipatala, ndipo anthu adawamvetsa. Koma idalipo imodzi imene sakadatha kuikana.

Mlamu wawo, mlongo wake wa mayiwo, adali telala wolongolola amene adatsala ndi galimoto ya malemu bambo ake. Idali yaitali, yakuda, ya mabampa onyezimira, mpando wake wakumbuyo wotambalala ngati bedi. Madokotala atanena kuti wodwalayo atuluka, telala adagamula kuti akamtenge pa galimoto imeneyo, chifukwa ndi mokhamo mmene akadagona mwendo uli chitambasulire. Vuto lidali lakuti mapointi a galimotoyo adapsa, ndipo atsopano sankapezekanso. Choncho adabwera ndi kabokosi ka zida zamakono zoyatsira moto popanda mapointi, n'kukaika patebulo lachitsulo lija ngati wabweretsa mphatso.

Kulumikiza mawaya sikudawavute a Makutu, pakuti imeneyo ndi ntchito ya maso ndi zala. Adayamba ndi kuona mbali ya batire yomangidwa kuthupi la galimoto, podziwa kuti magalimoto ena a msinkhu umenewo adalumikizidwa mozondoka, ndipo kachida katsopano kamapsa nthawi yomweyo. Adachotsa mapointi ndi kondensa. Pamalo pake adamanga kachida kakuda, n'kuveka mphete ya maginito pamtengo wa distiribiyuta. Waya wofiira adaupititsa kukoyilo, mbali yolandira moto wochokera kukiyi, wakuda mbali inayo, ndipo onse adawamanga kutali ndi paipi yotentha. Atapotoza kiyi, injini idadzuka osatsokomola n'komwe. Adaimva m'mapazi, kudzera pasimenti.

Pamenepo mpamene mantha adawalowa. Pathupi la distiribiyutayo padali kamzere kamene adakanda kalekale, tsiku limene adaitchera galimotoyo ali ndi akazi awo. Kachida katsopano kamayatsa moto pamalo ena, choncho kamzereko kadasanduka chipsera chabe. Nambala ya m'buku nayo sikadawathandiza, chifukwa mutu wa injiniyo udapalidwa kangapo apongozi ali moyo, ndipo petulo wa masiku ano si wa nthawi imene bukulo lidalembedwa. Injini imeneyo inkafuna khutu.

Adachita zimene munthu wosamala akadachita: adachedwetsa moto kwambiri, kumbali yopanda ngozi. Atazungulira nayo msewu wa magalaja, telala ali pambali, galimotoyo inkayenda ngati yakhuta, ikuphulitsa utsi kumbuyo. Pobwerera adapeza amakaniko ataima pamakomo. Telala adatsika, n'kuzungulira kudzaima pawindo la woyendetsa, ndipo adalankhula mokweza kuti msewu wonse umve.

"Alamu, iyi ndi galimoto ya bambo anga kapena ndi wilibala? Bambo ankakwera nayo chitunda cha kuchipatala osasintha giya, dzanja limodzi lili panja. Kapena makutu aja anagonekedwa limodzi ndi achemwali?"

Amakaniko adaseka mpaka kugwira m'mimba. A Makutu adaseka nawo.

"Inu musokere anthu mathalauza ofanana miyendo kaye, alamu," adatero. "Za injini muwasiyire eni ake. Ndimangoitenthetsa."

Adatsegulanso boneti, khamu likuonerera. Adapendeketsa mutu monga ankachitira masiku onse, khutu lakufalo lili cha kuinjini, n'kupotoza distiribiyuta kuti moto ufulumire. Injini idasalala. Adapotozanso. Wowotcherera uja adagwedeza mutu mogoma, n'kuuza anzake kuti aone mmene amagwirira ntchito akatswiri. Ulendo wachiwiri galimotoyo idathamanga ngati ya dzulodzulo, ndipo telala adamenya denga ndi chikhatho chifukwa cha chimwemwe.

A Makutu ankadziwa bwino kuti mphamvu yotereyi imakhala khomo loyandikana ndi chiwonongeko, ndipo chimene chimalekanitsa makomo awiriwo ndi kaphokoso kamene iwo sakadamva. Adaganiza zopempha wowotcherera kuti akwere nawo chitunda chapafupi. Koma akadamuuza kuti amvetsere chiyani, ndipo chifukwa chiyani? Dzuwa lisanapendeke, msewu wonse ukadadziwa, ndipo eni magalimoto akale amadziwana onse. Adadziuza kuti chofunika n'kufika kuchipatala basi. Mayi akangolowa m'galimotomo, ngakhale ali chigonere kumbuyo, adzamva, ndipo adzapeza njira yowadziwitsira.

Tsiku lokamtenga wodwalayo kudacha kotentha, kumwamba kuli mitambo yolemera yosagwetsa mvula. Mphepo yotentha imafulumizitsa kaphokoso kaja, ndipo a Makutu ankadziwa zimenezo. Woyendetsa adali iwo. Telala adakhala kumanzere kwawo, atavala jekete yosoka yekha, mapilo a wodwala ali pamiyendo, pakamwa posatseka. A Makutu ankangoona milomo ikuyenda, ndipo ankaseka akaona kuti mlamu wawo waseka.

Adadutsa msika wa matayala, adadutsa mlatho, msewu n'kuyamba kukwera. Udali wopapatiza, mbali ina khoma la miyala, mbali ina phompho lotchingidwa ndi tizipilala toyera. Kumbuyo kwawo kudabwera lole yonyamula mchenga, n'kumamatira pafupi kwambiri moti pagalasi pankaoneka mphuno yake yokha. Galimoto ya apongozi inkakoka bwino. Chiwongolero chidali phee m'manja mwawo, mpando osanjenjemera. Chilichonse chimene thupi lawo likadatha kumva chinkanena kuti zonse zili bwino.

Kenako adaona kuti telala wasiya kulankhula. Adamuona akutsegula kabokosi ka kutsogolo, n'kugwiragwira timabauti ndi makiyi akale amene adali mmenemo. Adatseka. Adakoka kathireyi ka phulusa la fodya, n'kusuzumira. Adawerama, dzanja likufufuza pansi pa mpando. Munthuyo ankafuna chinthu chimene chinkagwedera, ndipo nkhope yake idaonetsa kuti wachifuna kwa nthawi.

Thukuta lidatsika m'khosi mwa a Makutu. Adabweza giya kuti injini ipepukidwe, n'kuchepetsa phazi. Lole ija idawalizira hutala, ndipo imeneyo adaimva. Poima padalibe. Patsogolo, pamene msewu umakhota, ankadziwa kuti pali kabwalo koimapo mabasi, ndipo adayang'anitsitsa pamenepo ngati munthu wosambira amene waona gombe. Muvi woonetsa kutentha kwa injini udali utadutsa kale pakati. Unkakwera pang'onopang'ono, osabwerera.

Atatsala pang'ono kufika pakabwalopo, galimoto idagwedezeka ngati yapunthwa. Mphamvu idachoka pansi pa phazi lawo. Utsi wotuwa udatuluka m'mbali mwa boneti n'kulowa pamawindo, ukununkha mafuta opsa. Adaikankhira pakabwalo paja ndi liwiro lotsala, lole n'kudutsa, woyendetsa wake akutukwana ndi dzanja. Pamwamba pa chitunda, kuseri kwa mitengo, denga la chipatala linkaoneka.

Adatsegula boneti osayang'ana mlamu wawo. Adakulunga nsanza kudzanja, n'kuyamba kumasula mapulagi. Oyambirira adali oyera mopitirira, ngati fupa. Ina idatuluka yonyowa ndi mafuta, kunsonga kwake kutamatirira timadontho totuwa ta chitsulo chosungunuka. Pisitoni idali itabooka. Adaima ndi pulagiyo m'manja, ikuwawotcha kudzera munsanza, akulingalira kumene pisitoni ya galimoto yotere ingapezeke, ndi zimene akanene kwa mayi amene panthawiyo adali atamanga kale katundu wawo.

Sadadziwe kuti telala adaima kumanzere kwawo nthawi yonseyo. Adangoona chithunzithunzi chikusuntha. Mlamu wawo adadutsa kumbuyo kwawo mosafulumira, n'kudzaima kumanja, pafupi kwambiri. Nthabwala zidali zitachoka pankhope pake.

"Ndakhala ndikukufunsani, alamu, inu osayankha," adatero motsitsa mawu. "Yayamba kulira tili pamlatho paja. Ndinakuuzani kuti muli chinthu chikugwedera, inu munaseka. Ndiye ndinati poti eni ake akuseka, si kanthu."

A Makutu adati injini zakale zili ndi maphokoso ambiri, ndipo munthu sangaime chifukwa cha lililonse.

"Limeneli linali lotani?" adafunsa telala.

A Makutu adatsegula pakamwa. Akadatha kulifotokoza bwinobwino, pakuti adalimva zaka zambiri, koma telala sankayang'ana pakamwa pawo. Ankayang'ana khutu lawo lakumanzere, monga amayang'anira nsalu imene wapeza kuti njenjete zidaidya mkati. A Makutu adabwezera maso papulagi ija.

Telala adatulutsa foni m'thumba la jekete. Adati aimbira wa galimoto yokoka zinzake, yemwe uja wa mumsewu wa magalaja, kenako aona za kukamtenga wodwala. Wokoka magalimotoyo adali munthu amene nkhani siigona m'mimba mwake, ndipo ankadya chamasana pakhomo la wowotcherera.

A Makutu adaika pulagi ija pamwamba pa batire, n'kutsatira mlamu wawo ndi maso kuti awerenge milomo yake. Telala adayenda mpaka kumapeto kwa kabwaloko, pafupi ndi tizipilala toyera, foni ili kukhutu. Adacheuka kamodzi. Kenako adawafulatira, n'kuyamba kulankhula.